Sewero la Lamulungu limene linautsa mapiri pachigwa ku Britain

Usiku wa Lamulungu, pa 12 Disembala 1954, mabanja a ku Britain atatha kudya anakhala pansi kuti aonere sewero pa TV, monga ankachitira sabata ndi sabata. Tchanelo inali imodzi yokha, ya BBC. Amene akukumbukira masiku amene TVM inali yokha kwathu kuno, itangoyamba mu 1999, akudziwa mmene zimakhalira: chimene akupatsani ndi chomwecho, ngati simukuchifuna muzimitse mukagone.

Sewero la usiku umenewo linali Nineteen Eighty-Four, lochokera m'buku la a George Orwell. Analilemba kuti likhale la pa TV ndi a Nigel Kneale, woliyendetsa anali a Rudolph Cartier, ndipo a Peter Cushing anasewera ngati Winston Smith, munthu amene boma lankhanza linamufinya mpaka anapereka mkazi amene ankamukonda. Chakumapeto kuli gawo la m'chipinda chozunzira anthu, pamene akumuyandikizira kumaso khola la makoswe. Mafoni odandaula anayamba kulira ku BBC usiku womwewo.

Patapita masiku awiri, aphungu asanu a chipani cha Conservative anapereka chikalata ku Nyumba ya Malamulo chodzudzula BBC kuti ikuonetsa zankhanza ndi zolaula. M'chikalatamo munali mawu amene sandichoka m'mutu. Anati BBC ikuchita zimenezi makamaka madzulo a Lamulungu. Mlandu sunali pa makoswe pokha. Unali pa tsiku.

## Lamulungu la a Reith

Woyamba kutsogolera BBC, kuyambira mu 1922 mpaka mu 1938, anali a John Reith, mwana wa mbusa wa Free Church of Scotland mumzinda wa Glasgow. Mpingo umenewu si wachilendo kwa ife. Ndi womwe uja unatumiza amishoni a Livingstonia, mmene munali Dr Robert Laws, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875. Wokulira m'nyumba ya mkulu wa mpingo, kumene Lamulungu khasu siligwiridwa ndipo mpira sumenyedwa pabwalo, wamumvetsa kale munthuyu.

A Reith anayendetsa wailesi ya dziko lonse ngati nyumba yoteroyo. Kwa zaka zambiri wailesi inkakhala chete m'mawa wa Lamulungu kuti anthu apite ku tchalitchi. Ikatsegulidwa kunkamveka mapemphero, nyimbo zakachetechete, ndi nkhani zofuna kumvetsera mutu uli m'manja. Nyimbo zovina kunalibe. Nthabwala kunalibe.

Omvera sanapite pamsewu kukachita zionetsero. Anangopotokola kabatani. Tsidya lina la nyanja kunali Radio Normandie ya ku France ndi Radio Luxembourg, imene inayamba kuulutsa m'Chingerezi mu 1933. Mawailesi amenewa ankadya ndalama za otsatsa malonda, ndipo anadziwa msanga kuti tsiku lawo lokolola ndi Lamulungu, tsiku limene BBC yavala jekete lakuda. Ana ambiri a ku England a m'zaka zimenezo anakula akumvera pulogalamu ya Ovaltine pa Luxembourg Lamulungu madzulo.

TV itabwera inalowa m'nyumba yomweyi. BBC inayamba kuonetsa zithunzi tsiku ndi tsiku pa 2 Novembala 1936, kuchokera ku Alexandra Palace, chinyumba cha paphiri kumpoto kwa London. Inkaonetsa maola awiri okha: kuyambira 3 koloko mpaka 4 koloko masana, kenako 9 koloko mpaka 10 koloko usiku, Lolemba mpaka Loweruka. Lamulungu galasi linkakhala lakuda tsiku lonse.

Tangoganizani munthu amene wagula TV mu 1936. Mtengo wake unali pafupifupi mapaundi 100, ndalama yogulira kagalimoto kakang'ono. Munthuyo amagwira ntchito mpaka Loweruka masana. Tsiku lokhalo limene ali panyumba kuyambira m'mawa mpaka usiku, pamene angaitane achibale adzaone chodabwitsa chake, bokosilo lili zii. Mapulogalamu a Lamulungu anadzayamba mu Epulo 1938, patatha chaka ndi miyezi isanu, ndipo anali a madzulo, aafupi. A Reith anachoka ku BBC miyezi iwiri kapena itatu pambuyo pake.

Sipanatenge nthawi kuti zioneke kuti tsiku lomwe ankaliopa lija ndilo loyenera ntchito zikuluzikulu. Lamulungu pa 30 Okutobala 1938 anaonetsa sewero la Cyrano de Bergerac pogwiritsa ntchito masitudiyo onse awiri a ku Alexandra Palace nthawi imodzi. Kenako nkhondo inadula zonse. TV inatsekedwa pa 1 Sepitembala 1939, pamene ma TV m'nyumba za anthu anali pafupifupi 20,000, onse ku London ndi madera ozungulira, ndipo inadzatsegulidwanso pa 7 Juni 1946.

## Dziko lotseka zitseko

Chimene chinapatsa TV ya Lamulungu mphamvu chinali panja pa situdiyo. Lamulo la mu 1780, lotchedwa Sunday Observance Act, linkaletsa kutsegula malo alionse osangalatsa anthu molipiritsa tsiku la Lamulungu. Mu 1932 analifewetsa pang'ono, n'kulola nyumba zoonetsa mafilimu kutsegula m'madera amene anthu ake avomereza. Koma nyumba za zisudzo zinakhalabe zotseka mpaka mu 1972. Mpira wa ligi sunkaseweredwa Lamulungu mpaka mu 1974. Masitolo ambiri ankakhala otseka. Malo omwera mowa ku England ankatsegula maola ochepa, pamene ku Wales ankatseka tsiku lonse. Panalinso bungwe la Lord's Day Observance Society, lomwe linakhazikitsidwa mu 1831, limene ntchito yake inali kuyang'anira kuti malamulowa asaphwanyidwe.

Ndiye munthu apite kuti? Aliyense anali panyumba. Agogo, makolo, ana, onse m'chipinda chimodzi chimene munali moto, kunja kukuzizira. Malamulo amene anaikidwa kuti ateteze tsiku la Mulungu anasonkhanitsa dziko lonse n'kulikhazika patsogolo pa galasi. Palibe usiku wina m'sabata umene TV inkapeza anthu ochuluka chotero atakhala phee.

BBC inakonza tsikulo motsatira anthu amenewa. Chakumadzulo, nthawi ya tiyi, inali ya ana. Kachidole ka bulu kotchedwa Muffin the Mule kanayamba kuoneka mu 1946 kakuvina pamwamba pa piyano ya mayi Annette Mills. Usiku kunkabwera What's My Line?, masewera amene anayamba mu 1951, pamene anthu anayi otchuka ankafunsa mlendo mafunso kuti alote ntchito imene amagwira. Kenako sewero lalikulu la sabata, limene kuyambira mu 1950 linkatchedwa Sunday-Night Theatre. Tsiku linkatsekedwa ndi mawu achidule a m'Baibulo kapena pemphero.

## Mmene sewero la pompopompo linkaphikidwira

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa amene sanaone kukhitchini sangamvetse kulemera kwa zimene zinachitika sabata ija.

Tepi yojambulira zithunzi kunalibe. Makina oyamba a mtundu umenewo, a kampani ya Ampex, anaoneka ku America mu 1956. Choncho sewero lililonse linkachitika pompopompo, nthawi yomwe anthu akuonerayo. Linkachitika Lamulungu usiku, ndipo kuti amene anaphonya alione, osewera onse ankabweranso Lachinayi kudzalichita kachiwiri, kuyambira poyamba mpaka pamapeto.

Ntchito inkayamba masabata awiri kapena atatu m'mbuyo, kutali ndi situdiyo, kawirikawiri m'holo ya tchalitchi kapena ya kalabu ya achinyamata. Pansi ankalembapo mizere yosonyeza pamene padzakhale khoma, chitseko, tebulo. Osewera ankayenda m'mizeremo, woyendetsa sewero akuzungulira pakati pawo, kuima pamene padzaime kamera. M'menemo ndi mmene munkabadwa chikalata cha makamera. Chithunzi chilichonse chinkapatsidwa nambala: chakutichakuti ndi cha kamera yachiwiri, nkhope yokha, chotsatira ndi cha kamera yoyamba, anthu awiri pakhomo. Sewero la ola ndi theka linkakhala ndi zithunzi mazanamazana. Woyendetsa kamera aliyense ankalandira khadi la manambala ake okha, n'kulipachika pambali pa kamera.

Mu situdiyo ankalowamo kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Malo anali ochepa kwambiri. Situdiyo iliyonse ya ku Alexandra Palace inali pafupifupi mamita 21 m'litali ndi 9 m'lifupi. Mu 1949 BBC inagula masitudiyo akale a mafilimu ku Lime Grove, ku Shepherd's Bush, amene anali okulirapo, ndipo ndi kumene Nineteen Eighty-Four inachitikira. Ngakhale kumeneko, zipinda zonse za m'sewero zinkamangidwa mozungulira m'mbali mwa makoma, pakati n'kusiya njira ya makamera atatu kapena anayi.

Mdani woyamba anali chingwe. Kamera iliyonse inkakoka chingwe chonenepa, cholemera, chopita kuchipinda cha makina. Kamera singalumphe chingwe cha inzake. Ngati yoyamba yadutsa kutsogolo kwa yachitatu popita, iyenera kubwerera njira yomweyo, apo ayi zingwe zikulungana ndipo makamera awiri aima sewero lili pakati. N'chifukwa chake ulendo wa kamera iliyonse unkajambulidwa papepala masiku angapo m'mbuyo, ndipo panali anyamata amene ntchito yawo inali kukoka zingwe mwakachetechete, atawerama kuti asaoneke.

Mdani wachiwiri anali kutentha. Makamera oyambirira, otchedwa Emitron, sankaona bwino popanda kuwala kwamphamvu, ndiye nyali zinkayatsidwa zambirimbiri m'chipinda chotseka. Osewera ankatuluka thukuta, zodzola kumaso zikusungunuka. Makamera amenewa analinso ndi vuto lakuti mbali ina ya chithunzi inkada pamene ina ikuwala, moti injiniya ankakhala dzanja lili pa mabatani nthawi yonse kulinganiza. Woyendetsa kamera ankaona chithunzi chozondoka pa kagalasi kake, mutu pansi miyendo m'mwamba, kumanja kuli kumanzere. Wosewera akapita uku, iye ankayenera kuphunzitsa manja ake kupita uko. Leni inali imodzi, choncho kuti nkhope ioneke pafupi, kamera yonse inkakankhidwa mpaka pamphuno pa munthu. Nkhondo isanayambe sizinkatheka n'komwe kudumpha nthawi yomweyo kuchoka pa kamera ina kupita pa ina. Chithunzi chinkazimirira pang'onopang'ono china chikubwera, kwa masekondi angapo. Kudula kwa nthawi yomweyo kunatheka mu 1946. Makamera a pambuyo pake anabwera ndi maleni atatu kapena anayi pa chimbale chozungulira. Lamulo lake linali limodzi: usatembenuze chimbale nyali yofiira ya kamera yako ikuyaka, chifukwa dziko lonse liona mdima ukusesa pagalasi.

Mawu ankatoledwa ndi maikolofoni yopachikidwa kumapeto kwa mtengo wautali. Ikatsika kwambiri inkaoneka pamwamba pa chithunzi. Ikakwera kwambiri mawu ankamveka ngati a m'chitsime. Ikadutsa kutsogolo kwa nyali, mthunzi wake unkagwa pankhope ya wosewera.

Woyendetsa sewero sankakhala pansi ndi osewera. Ankakhala m'kachipinda kena, patsogolo pa magalasi osonyeza zimene kamera iliyonse ikuona. Pambali pake panali mlembi wowerenga manambala mokweza, wina wosintha makamera, wina wa mawu. Malangizo ankayenda pa mahedifoni kupita kwa oyendetsa makamera ndi kwa kapitawo wa pansi, amene ankalankhula ndi osewera ndi manja okha: yamba, fulumira, sendera kuno.

Nanga wosewera akafuna kusintha zovala, kapena kuthamanga kuchoka kuchipinda china kupita china? Pamenepo ankaikapo kafilimu kojambulidwa kale, mwina ka munthu akuyenda mumsewu. Makina oonetsera filimu ankafuna masekondi angapo kuti afike pa liwiro loyenera, ndiye ankayenera kuyatsidwa wosewera asanamalize mawu ake. Mukachedwa, galasi likhala lopanda kanthu. Mukafulumira, chiyambi cha kafilimuko chadutsa anthu osachiona. Sewero lalitali linkakhalanso ndi mphindi zochepa zopuma pakati, pamene owonera ankapatsidwa chithunzi chodekha ndi nyimbo. Pakati pa timafilimu todzazira mipata timene BBC inkasunga, kodziwika kwambiri kanali ka manja a woumba mbiya akuumba pa gudumu.

Wosewera akaiwala mawu panali njira yake. Wokumbutsa ankayenda kumbuyo kwa makamera atagwira buku ndi kabatani ka pachingwe. Akaona kuti munthu wasowa chonena, ankadina kabataniko, mawu onse opita kunyumba za anthu n'kuduka, iye n'kunena mzerewo, n'kusiya. Owonera ankangomva kachete ka sekondi imodzi kapena ziwiri, ambiri n'kumaganiza kuti TV yawo ndiyo yavuta.

Pa Nineteen Eighty-Four anawonjezerapo katundu wina. Nyimbo sizinachokere pa mbale. Gulu la oimba linali mu situdiyo ina, wolitsogolera, a John Hotchkis, akuyang'ana sewero pagalasi kuti alowetse nyimbo pa nthawi yake. Zonsezi kwa maola pafupifupi awiri, popanda mwayi wonena kuti tiyambirenso.

Kuti muone kutalika kwa mawu akuti pompopompo, tidumphe zaka zinayi. Lamulungu pa 30 Novembala 1958, kampani ya ABC, imodzi mwa makampani a TV ya malonda amene anali atabwera pofika nthawiyo, inkaulutsa sewero lotchedwa Underground kuchokera ku Manchester. Wosewera wina, a Gareth Jones, wa zaka 33, anagwa ndi matenda a mtima kuseri kwa makamera pakati pa magawo ake awiri, ndipo anamwalira. Sewero silinaime. Woliyendetsa, a Ted Kotcheff, anagawira anthu ena mawu a malemuwo, pamene wothandizira wawo, mayi Verity Lambert, ankalangiza makamera opanda chikalata chotsatira. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbuka, ndipo sindikhulupirira kuti kupitiriza kunali koyenera. Koma ikusonyeza mmene anthu a ntchitoyi analeredwera: galasi la Lamulungu usiku lisade.

## Ku mbali ya owonera

Kunyumba nakonso kunali ntchito. Mu 1954 laisensi ya wailesi ndi TV pamodzi inali mapaundi atatu pachaka, ndipo nyumba zoposa mamiliyoni atatu zinali nayo. Chiwerengerochi chinakwera kwambiri chifukwa cha mwambo wolonga ufumu Mfumukazi Elizabeth pa 2 Juni 1953, komanso chifukwa milongoti yatsopano inali itafikitsa zithunzi kutali ndi London: Sutton Coldfield mu 1949, Holme Moss mu 1951, Kirk o' Shotts ku Scotland ndi Wenvoe ku Wales mu 1952.

Galasi la TV zambiri linali la mainchesi 9 kapena 12, ngati mbale ya ndiwo, la zithunzi zakuda ndi zoyera zopangidwa ndi mizere 405. M'kati munali timachubu tagalasi tonga mababu, totchedwa ma valve, tofuna kutenthedwa kaye, choncho munthu wanzeru ankayatsa nthawi isanakwane. Mawu ndiwo ankayamba kubwera, chithunzi pambuyo. Padenga pankakhala eriyo yooneka ngati chilembo cha H, yoloza kumene kuli mlongoti. Chithunzi chikayamba kugubuduka kuchoka m'mwamba kupita pansi, bambo ankapita kuseri kwa bokosi kukapotokola batani lochigwira. Chikang'ambika cham'mbali panali batani lina. Galimoto yopanda chotchingira pa mapulagi ikadutsa pamsewu, madontho oyera ankawaza pagalasi ponse. Anthu akaoneka awiriawiri, ndiye kuti mafunde agunda phiri kapena chinyumba chachitali n'kufika kachiwiri mochedwa, ndipo mankhwala ake anali kukwera padenga kukatembenuza eriyo. Nyali ya m'chipinda ankaizimitsa kapena kuichepetsa kuti chithunzi chioneke.

Chipinda chamdima, banja lonse lili duu, kagalasi kakang'ono kodzaza ndi nkhope ya munthu amene akukuwa ndi mantha. Umu ndi mmene sewero lija linalowera m'nyumba za anthu.

## Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi

BBC inali itachenjeza sewero lisanayambe kuti si loyenera aliyense. Sizinathandize. Lolemba nyuzipepala zinadzaza ndi mkwiyo. Lachiwiri kunabwera chikalata cha aphungu asanu chija. Aphungu ena anayankha ndi zikalata zawo zoikira kumbuyo BBC, ena akunena kuti nkhanza zoterozo zikuchitikadi m'mayiko olamulidwa mwankhanza ndipo anthu ayenera kudziwa, ena akukumbutsa kuti TV iliyonse ili ndi batani lozimitsira. Lachitatu nkhaniyi inakambidwa pa pulogalamu ya Panorama. Kenako zinamveka kuti Mfumukazi ndi amuna awo, Prince Philip, analionera ndipo analikonda.

Funso lenileni linali la Lachinayi. Kukanakhala tepi, kuletsa kubwereza kukanakhala kungobweza bokosi pashelefu. Koma apa kubwereza kunkatanthauza kuitananso a Cushing, mayi Yvonne Mitchell, a André Morell ndi ena onse, kuyatsanso nyali, kukhazikanso oimba, ndi kuchita dala, maso ali gwa, chinthu chimene aphungu angochitcha chonyansa. Akuluakulu a BBC analola. Pa 16 Disembala mkulu wa zisudzo, a Michael Barry, anaonekera pagalasi kulankhula ndi owonera, kenako sewero linachitikanso.

Ine ndili mbali ya BBC pa chisankho chimenechi, koma odandaula aja sindiwapeputsa. Analibe tchanelo ina. Analipira laisensi. Kwa zaka makumi atatu bungwe lomwelo linali litawaphunzitsa kuti Lamulungu wailesi ndi mlendo waulemu, wolowa m'nyumba atavula chipewa. Usiku umenewo mlendoyo anakhala pampando n'kuyamba kufotokoza, ana ali pomwepo, mmene boma lingathyolere munthu. Kudabwa kwawo kunali koona. Chimene sanachione n'chakuti sewero lofunika chotero silikanaikidwa usiku wina. Lamulungu ndi pamene panali anthu. Woyendetsa zisudzo aliyense amene anali ndi chinthu chofuna kuti dziko limve ankalimbirana usiku womwewo umene ena ankafuna kuti ukhale wachete.

## Ola limene galasi linkada

Patangotha miyezi isanu ndi inayi, BBC inasiya kukhala yokha. TV ya malonda, imene a Reith anaiyerekezera ndi nthomba ndi mliri polankhula ku House of Lords, chipinda chachiwiri cha Nyumba ya Malamulo, mu 1952, inayamba ku London pa 22 Sepitembala 1955 ndi dzina lakuti ITV. Boma, kudzera kwa nduna yoona za positi, linaika malire a maola kwa onse awiri. Pasabata asapitirire maola 50. Lamulungu mapulogalamu wamba asayambe 2 koloko masana isanakwane. Kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko pasakhale za ana, kuti apite ku Sande sukulu. Ndipo kuyambira 6:15 mpaka 7:30 madzulo TV itseke, kuti isapikisane ndi mapemphero a madzulo.

M'kati mwa sabata munalinso ola lotseka, 6 koloko mpaka 7 koloko, loti amayi agoneke ana. Limeneli linathetsedwa mu Febuluwale 1957, makampani a ITV atadandaula kuti akutaya ndalama za otsatsa malonda. La Lamulungu linakhalabe, koma linasintha nkhope. Mapulogalamu achipembedzo analoledwa kulowa m'mpatawo, ndipo sankawerengedwa pa maola 50 aja. ATV, imodzi mwa makampani a ITV, inayamba About Religion mu 1956, BBC inabwera ndi Meeting Point, ndipo mu Okutobala 1961 Songs of Praise inayamba kuchokera m'tchalitchi cha Baptist ku Cardiff. Ilipobe mpaka lero. Boma linachotsa malire a maola mu 1972, koma mawailesiwo anasungabe mpata wachipembedzo wa Lamulungu madzulo mwa kufuna kwawo mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Chimene ITV inachita ndi maola otsalawo ndicho chinasonyeza poyera mmene lamulo la 1780 linkagwirira ntchito mobwerera. London Palladium, nyumba yotchuka ya zisangalalo, inkakhala yotseka Lamulungu lililonse. Mipando yoposa 2,000, nsanja yozungulira, oimba ndi anthabwala amene sabata yonse anali otanganidwa, zonse zinali pa mpumulo tsiku limenelo. A Val Parnell, amene ankayendetsa Palladium, analinso mmodzi wa akuluakulu a ATV. Anaimika magalimoto a makamera panja, n'kulowetsa anthu ndi matikiti aulere, popeza choletsedwa chinali kulipiritsa. Sunday Night at the London Palladium inayamba pa 25 Sepitembala 1955, ITV ili ndi masiku atatu okha, wolandira alendo ali a Tommy Trinder. A Bruce Forsyth anatenga malowo mu 1958. Kuvina ndi nthabwala zimene a Reith anazitsekera kunja kwa zaka zonse zija zinalowa m'nyumba 8 koloko usiku wa Lamulungu, anthu atangobwera kumene ku tchalitchi.

Pofika mu 1968, BBC 1 itayamba kuonetsa The Forsyte Saga, magawo 26, Lamulungu lililonse madzulo, abusa ena anasuntha nthawi ya mapemphero kuti akhristu afike kunyumba sewero lisanayambe.

## Chimene chinatsala

Nineteen Eighty-Four ya 1954 ilipo, ndipo munthu angathe kuionera lero. Masewero ambiri a zaka zimenezo kulibe, chifukwa njira yokhayo yosungira chithunzi cha pompopompo inali yodula ndi yovuta. Ankaloza kamera ya filimu pagalasi la TV yabwino n'kumajambula zimene zikuoneka. BBC inayamba kuyesa zimenezi mu 1947. Vuto linali lakuti TV imajambula chithunzi mosalekeza, maulendo 50 pasekondi, theka la mizere ulendo uno, theka lina ulendo wotsatira, pamene kamera ya filimu imafuna kamphindi kotseka diso kuti ikoke filimu. Pa kamphindi kameneko mbali ya chithunzi imatayika. Njira ina imene anapeza inali kujambula theka limodzi la mizere, n'kukoka filimu pa nthawi ya theka linalo. Zinkatheka, koma chithunzi chinkatuluka chofooka poyerekeza ndi chimene anthu anaona kunyumba.

Panalinso nkhani ya malipiro. Osewera ankalipidwa pa kuchita kachiwiri kuja. Kujambula la Lamulungu kukanapatsa BBC mwayi woonetsa filimu Lachinayi, anthu osawaitananso. Choncho sewero likasankhidwa kuti lisungidwe, kamera ya filimu inkayatsidwa pa ulendo wachiwiri.

Ndiye chimene chili m'nkhokwe ndi cha pa 16 Disembala, pa filimu ya mamilimita 35. Ndi a Cushing a Lachinayi, amene awerenga kale nyuzipepala zonse, akudziwa kuti aphungu akuyang'ana. Sewero la Lamulungu, limene linaliza mafoni ndi kufika ku Nyumba ya Malamulo, palibe kamera ya filimu imene inalijambula. Linaoneka kamodzi, kwa maola pafupifupi awiri, kenako anthu anazimitsa ma TV awo, chithunzi n'kufupika kukhala kadontho koyera pakati pa galasi.